Weji ya mtanda pa makina owazira nkhuni: zipika zimene imathandiza ndi zimene imakanirira

Makina owazira nkhuni oyendera oyilo amene amagulitsidwa ku America, ku Canada ndi ku Ulaya amabwera ndi weji imodzi, chitsulo chakuthwa choimirira chimene chimang'amba chipika pakati n'kutulutsa zibenthu ziwiri. Pambali pake ogulitsa amaikapo china chogula padera: weji ya mtanda, yokhala ndi mapiko awiri opingasa, imene imang'amba chipika panayi ulendo umodzi. Pa makina akuluakulu ziliponso zotulutsa zibenthu 6, 8 ngakhale 12. Kwa munthu wowaza mitengo yolimba monga oak, ash, beech, maple ndi hickory, funso n'lakuti kodi ndalama yogulira chitsulochi ibwerera?

Ibwerera, koma pa zipika zina zokha komanso pa makina ena okha. Weji ya mtanda siwonjezera mphamvu ngakhale pang'ono. Imafuna mphamvu yoposa imene weji imodzi imafuna, ndipo m'malo mwake imakupatsani nthawi. Ngati mulu wanu uli ndi zipika zowongoka za masentimita 20 mpaka 35 m'mimba mwake, zopanda mfundo zambiri, ndipo makina anu ndi amphamvu zenizeni, gulani. Ngati zipika zanu zambiri ndi zamphanda, zamfundo, zotsala kwa anthu osadza mitengo m'matauni, chitsulochi chidzakhala chogona pansi pa makina masiku ambiri kuposa amene chidzagwire ntchito. Ndipo mulimonsemo, musagule weji imene simungaizule ndi manja m'masekondi ochepa.

Nkhani ya mphamvu m'pamene ogula ambiri amapusitsika. Nambala ya matani yolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa makina musaikhulupirire msanga. Yang'anani kukula kwa silinda, mmene oyilo amalowa n'kukankha ndodo yowazira chipika, ndi puresha imene valavu yotetezera, yotulutsa oyilo puresha ikapyola malire, inatcheredwapo. Silinda ya mainchesi 4 m'mimba mwake, pa puresha ya 3,000 psi, yomwe ndi 207 bar, imakankha ndi mphamvu ya matani pafupifupi 17. Ya mainchesi 4.5 imafika matani 21 ndi theka. Ya mainchesi 5 imatsala pang'ono kukwana matani 27. Awa ndi matani a makilogalamu 1,000. Ku America tani ndi mapaundi 2,000, kutanthauza makilogalamu 907, motero nambala zawo zimaoneka zonenepa, ndiye kuwonjeza apo ena amawerengera pa puresha imene pampu singaipirire tsiku lonse. Pa mitengo yolimba, silinda ya mainchesi 4 imakwanitsa weji ya mtanda pa ash ndi red oak wowongoka basi. Kuti mugwire ntchito osadodoma pa beech, maple wolimba kapena white oak, pamafunika ya mainchesi 4.5 kapena 5. Timakina tamagetsi ta matani 4 mpaka 7 timene timagulitsidwa kwambiri ku Britain n'tabwino pa ntchito yake, koma tisiyeni ndi weji yake imodzi.

Chifukwa chake sichovuta kumva. Chipika cha masentimita 30 chikamang'ambika pakati, mng'alu wake umakhala wa masentimita 30 m'lifupi. Mukaikapo mapiko, ming'alu iwiri yodutsana ikupanga masentimita 60. Pamwamba pa apo pali kukhuzana: zibenthu ziwiri za pansi zimadutsa pampata wa pakati pa mapiko ndi njanji ya makina, chitsulo chachitali chogonekapo chipika, ndipo mpatawo ukakhala wothina zimapanikizika. Nthawi zambiri makina akaima si chifukwa choti alephera kung'amba mtengo ayi, koma chifukwa zibenthu za pansizo zasowa kotulukira.

Pampu nayo ili ndi mbali yake. Makina ambiri a injini ya petulo ali ndi pampu ya magiya awiri. Puresha ikakhala yochepa imatulutsa oyilo wambiri, chitsulo chokankhira chipika n'kumathamanga. Puresha ikakwera kufika penapake pakati pa 500 ndi 900 psi, pampu imalowa giya lachiwiri: mphamvu imakwera koma oyilo amatsika kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo chokankhira chimayamba kukwawa. Mumamva ndi khutu, injini imasintha kalilidwe. Ndi weji imodzi pa ash wowongoka, pampu imalowa giya lachiwiri kwa sekondi imodzi kapena osalowa n'komwe. Ndi mapiko imalowa kawirikawiri ndipo imakhalitsamo. Pa makina ofooka nthawi imene mwapindula pochepetsa maulendo imathera pa kukwawako, uku oyilo akutentha. Ndi chifukwa chake tikulimbikitsa kuti musanagule weji, gulani geji ya puresha yofika 5,000 psi muimange pa paipi yochokera ku pampu kulowa ku valavu. Ndi yotchipa, ndipo idzakuuzani zoona: ngati ndi weji imodzi singano ikufika kale pa 2,000 psi pa zipika zanu zamasiku onse, mapiko alibe malo pamenepo.

Tsono phindu lenileni la nthawi ndi lotani? Tengani makina a silinda ya mainchesi 4, yoyenda mainchesi 24, ndi pampu ya magaloni 11 pa mphindi, omwe ndi malita pafupifupi 42. Kupita ndi kubwerera kopanda katundu kumatenga masekondi pafupifupi 13. Kuti chipika chimodzi chikhale zibenthu zinayi, weji imodzi imafuna maulendo 3, ya mtanda ulendo umodzi. Pa pepala ndiye kuti liwiro lachuluka katatu, ndipo ndi mmene otsatsa amanenera. Pabwalo sizikhala choncho. Wowaza wodziwa ntchito sayendetsa chokankhira mpaka kumapeto pa mtengo wosavuta: ash amathetheka weji itangolowa masentimita 5 kapena 8, iye n'kubweza pang'ono, kutembenuza chibenthu, kukankhanso. Maulendo ake atatuwo ndi afupiafupi. Weji ya mtanda imafuna kuti chipika chidutse chonse, apo ayi chikankhidwe ndi chinzake chobwera pambuyo. Choncho phindu lilipo ndithu, koma lalikulu kwambiri lili m'manja ndi mumsana. Chipika mumachigwira kamodzi. Simutola theka limene lagwa pansi, simulikwezanso pa njanji, simulitembenuza. Pofika madzulo thupi limadziwa kusiyana kwake.

Kapangidwe ka makina anu n'kofunika kuposa dzina la kampani. Pali mitundu iwiri. Pa mtundu woyamba weji inawotchereredwa kumapeto kwa njanji, ndipo silinda imakankha chipika ndi chitsulo chafulati kuti chidutse pa weji n'kugwera patebulo kapena pa lamba wonyamula nkhuni. Umenewu ndiwo mtundu umene weji ya mtanda inapangidwira, ndipo makina a ntchito yaikulu monga a Timberwolf ndi Wolfe Ridge ku America, Eastonmade ya ku Perth ku Ontario, m'dziko la Canada, komanso makina ocheka ndi kuwaza pamodzi a Hakki Pilke, Palax ndi Japa a ku Finland, amatsata njira imeneyi. Pa mtundu wachiwiri, wofala m'masitolo a zaulimi chifukwa umatha kugona kapena kuimirira, weji ili kunsonga kwa silinda ndipo ndiyo imayenda, chipika chitatsamira chitsulo chakumapeto. Apa weji ya mtanda yovekera pamwamba imagwira ntchito mokakamiza. Zibenthu sizidutsa kupita kwina kulikonse, zimatsala pomwepo, za pansi zitapanikizika pakati pa mapiko ndi njanji kapena ndi zitsulo za m'mbali zogwira chipika. Weji ikamabwerera imakoka zibenthuzo. Choopsa kwambiri n'chakuti makina amtunduwu amakhala ndi zitsulo ziwiri pafupi ndi silinda zochotsera chipika chokanirira weji ikamabwerera, ndipo mapiko akakhala otambalala kuposa mpata wa zitsulozo amaziwomba. Yezani ndi tepi musanalipire, ndipo ulendo woyamba bwezani pang'onopang'ono mukuyang'ana.

Weji yeniyeniyo muiyang'ane bwino mutaigwira m'manja, chifukwa yabwino ndi yoipa zimasiyana pa zinthu zing'onozing'ono.

Choyamba, mapiko ayenera kukhala kumbuyo kwa mpeni woimirira, osati kufanana nawo. Masentimita 3 mpaka 5 ndi okwanira. Chipika chikagunda mpeni woimirira chimayamba kung'ambika pawiri, puresha imakwera n'kutsika, ndiye pamene mapiko amalowa m'matheka awiri ofooka kale. Ntchito imagawika pawiri, ndipo makina sakumana ndi katundu yense nthawi imodzi. Weji imene mipeni yake yonse imayambira pa mzere umodzi ndiyosavuta kupanga, ndiye chifukwa chake imapezeka yotchipa, koma imafuna mphamvu yochuluka zedi ndipo ndiyo imaimitsa makina pa mtengo umene akanatha kuuwaza.

Chachiwiri ndi kanoledwe ka mapiko. Mpeni woimirira umanoledwa mbali zonse ziwiri kuti ukankhire mtengo kumanzere ndi kumanja. Phiko liyenera kunoledwa pamwamba pokha, pansi pakhale fulati. Likanoledwa pansinso, limakankhira zibenthu za pansi ku njanji, kumene kulibe kothawira. Ndipo ngati wopangayo amadziwa ntchito yake, mudzaona kuti mpata wa pansi pa phiko umakula pang'ono chakumbuyo, mamilimita ochepa chabe, kuti chibenthu chikangodutsa pakuthwa chizimasuka. Ikani rula pansi pa phiko muone. Mpata ukamachepa chakumbuyo, siyani weji imeneyo pa shelefu, chifukwa chipika chilichonse chidzakhala nkhondo.

Chachitatu, weji yovekera iyenera kukhala yomasuka kukwera m'mwamba. Ena amaona ngati kugwedera ndi vuto, n'kuimanga ndi mabawuti kuti isasunthe. Kumeneko n'kulakwitsa. Chibenthu cha pansi chikakhala chonenepa kumbuyo kuposa kutsogolo, weji yomasuka imakwera masentimita awiri kapena atatu n'kuchilola kudutsa, kenako imagweranso pamalo pake. Yomangidwa imalimbana nacho mpaka china chake chipindike. Chofunika n'chakuti isavuke yonse, ndipo opanga ena amaikapo pini kapena tcheni chachifupi chifukwa cha zimenezi.

Za chitsulo chake, mapiko a mamilimita 20 mpaka 25 kuchindikala ndi amene amapirira mitengo yolimba. Zitsulo zolimba monga AR400 kapena Hardox ya kampani ya SSAB ya ku Sweden sizibuntha msanga. Chitsulo wamba chimagwiranso ntchito, kungoti mumanola pafupipafupi. Powotcherera ndi pamene pamathyoka. Yang'anani pamene phiko lalumikizana ndi thupi la weji: mzere wowotcherera ukhale wodzaza, pamwamba ndi pansi, wopanda timabowo, koma wa pansiwo usatumphuke mpaka kutsekereza njira ya chibenthu. Amene mukufuna kukapangitsa kwa owotcherera, auzeni kuti chitsulo cholimba chochindikala chimafuna kutenthetsedwa kaye ndi kuwotcherera ndi ndodo za 7018 zouma bwino, apo ayi mng'alu umayambira m'mbali mwa chowotchereracho ngakhale chikuoneka chokongola.

Mitengo imasiyana kwambiri pansi pa weji imeneyi. Ash ndiye mfumu yake: mitsempha yowongoka, zibenthu zinayi zoyera zimagwa zokha. Ndipo ash wachuluka pa misika ya nkhuni chifukwa cha tsoka, kachilombo ka emerald ash borer kamene kanapezeka ku Michigan ku America mu 2002 ndi matenda a ash dieback amene anatsimikizidwa ku Britain mu 2012. Chenjezo n'lakuti ash amene anafa kalekale ali chiimire amafumbwa, ndipo pa mapiko amangophwanyika kukhala zidutswa m'malo mong'ambika. Red oak, black locust, cherry ndi birch wowongoka amayenda bwino. Beech ndi maple wolimba amafuna mphamvu poyambira, kenako amathetheka mwadzidzidzi. White oak ndi hickory amang'ambika koma zibenthu zimatsala zolumikizana ndi ulusi, ndiye mapiko akakhala obuntha mumatulutsa chinthu chimodzi cha miyendo inayi chofuna nkhwangwa yaing'ono kuti muchilekanitse. Elm, sweetgum ndi black gum musayese n'komwe. Mitsempha yake ndi yolukanalukana, sing'ambika koma kudulidwa, ndipo kudula mbali zinayi nthawi imodzi kumafuna makina aakulu kuposa amene anthu ambiri ali nawo.

Bulugama, amene tonse timamudziwa komanso amene amagulitsidwa kwambiri ngati nkhuni ku South Africa, ali pakati. Mitundu yake yambiri ili ndi mitsempha yopota, ndipo chipika chikauma chimalimba gwa. Muwazeni akadali wamuwisi, masiku oyamba atangodulidwa, ndipo muyambe ndi weji imodzi kuti muone mmene akuyendera musanaveke mapiko. M'mayiko ozizira, chipika chachiwisi chimene chagwidwa ndi chisanu mpaka madzi ake kuundana chimang'ambika mosavuta, ngakhale cha mitengo ya ulusi ija, motero ogulitsa nkhuni ambiri amasungira zovutazo miyezi yozizira.

Msinkhu wa mapiko ndi umene umasiyanitsa weji yotchipa ndi yodula. Mapiko akakhala masentimita 10 kuchokera pa njanji, amadutsa pamtima pa chipika cha masentimita 20 ndipo zibenthu zinayi zimafanana. Pa chipika cha masentimita 35, za pansi zimatuluka za masentimita 10 kuchindikala, za pamwamba za 25 zofunika kuzibwezanso. Izi si zoipa kwenikweni. Ndi njira yabwino yodyera chipika chachikulu: za pansi zapita pa mulu, za pamwamba mwazigwira ndi kuzikokera kumbuyo, ulendo wachiwiri chilichonse chikutulutsa zina. Vuto lili pa zipika zazing'ono. Cha masentimita 13 mapiko amangochisenga pamwamba n'kutulutsa tizibenthu topyapyala topanda ntchito. Maweji ena ali ndi mabowo a pini osinthira msinkhu ndi manja, ndipo kuti apindule muyenera kusanja zipika m'milu itatu, zazing'ono, zapakati ndi zazikulu, musanalize injini. Makina odula ali ndi silinda yaing'ono yokweza ndi kutsitsa weji ndi handulo, ndipo pa ena mapiko amatsika mpaka pansi kapena kukwera pamwamba pa chipika kuti mpeni woimirira ugwire wokha. Kwa munthu wogulitsa nkhuni, silinda yaing'onoyi ndi yofunika kuposa matani owonjezera, popeza chipika chilichonse chimalandira weji yoyenera popanda kuima.

Kagwiridwe ka ntchito kamayambira pa chainsaw. Dulani zipika molunjika. Nkhope yopendekeka imapangitsa chipika kukwera kapena kutembenuka chikamakankhidwa, ndipo pa weji ya mtanda chimalowa mokhota n'kukanirira, mwinanso kufwamphuka. Utali ufanane: masentimita 40 ndiwo wofala ku America, pamene mbaula zambiri zotenthetsera nyumba ku Britain zimafuna 20 mpaka 25. Musanagoneke chipika pa njanji, yang'anani nkhope yake. Ngati pali mng'alu wochokera pamtima, ulunjikitseni ku mpeni woimirira. Ngati pali mfundo imodzi, tembenuzani chipika kuti mfundoyo igwere pakati pa mpeni ndi phiko, ituluke yathunthu m'chibenthu chimodzi, osati phiko likaigunde. Mfundo zikakhala ziwiri kapena zitatu zoyang'ana mbali zosiyana, kapena chipika ndi champhanda, chiponyeni pa mulu wapadera. Mulu umenewo mudzauwaza pamapeto, weji ya mtanda itazulidwa, ndipo zouma mutu kwambiri muzicheke cham'litali ndi chainsaw. Chipika choposa masentimita 45 chiyambe chang'ambidwa pawiri kapena panayi ndi weji imodzi, kenako zigawozo zidutse pa mapiko nkhope yafulati ili pansi.

Ngakhale mutasamala chotani, tsiku lina chipika chidzakanirira. Chokankhira chimaima, injini imabuula, valavu yotetezera imalira. Siyani handulo nthawi yomweyo. Kuigwirabe sikuwonjezera mphamvu, kumangotenthetsa oyilo, ndipo oyilo akapitirira madigiri 80 amapyapyala n'kuyamba kuwononga masilo, timphira totseka kuti oyilo asachuche. Kubweza ndi kugundanso mobwerezabwereza kumalowetsa chipika mozama, ndi kupinda mapiko. Bwezani chokankhira, zimitsani injini, ndipo menyani chipika ndi hamala yaikulu kuchokera kutsidya kwa weji kuti chibwerere mmene chinalowera. Chikakana, pa makina a weji yokhazikika kulungani tcheni cholimba kuzungulira chipika ndi chitsulo chokankhira, imani pambali, mubweze silinda pang'onopang'ono kuti ichikoke. Njira yomaliza ndi kucheka ndi chainsaw mbali imene yagwira, mukudziwa bwino pamene pali chitsulo. Chimene simuyenera kuchita ndi kumanga sikuluu ya valavu yotetezera kuti puresha ikwere. Mapaipi, pampu ndi njanji zinapangidwira puresha imene inatcheredwa ku fakitale, ndipo paipi yophulika pa 3,500 psi si nkhani yocheza.

Makina nawo amalipira mtengo wake pang'onopang'ono. Mapiko amakankhira mphamvu m'mwamba ndi m'mbali, kumene weji imodzi sinkakankhira. Yang'anirani powotcherera patsinde pa weji yaikulu, makamaka kutsogolo kwake: utoto ukayamba kusweka motsata mzere, pansi pake pali mng'alu. Yang'anani milomo ya njanji ngati yayamba kupindikira m'mwamba, ndi zitsulo zotsetsereka za chokankhira ngati zayamba kugwedera. Chokankhira chikagwedera, ndodo ya silinda imakankha mopendekeka, silo yakutsogolo imadyeka mbali imodzi, oyilo n'kuyamba kuchucha. Mangani mabawuti ake ndi kusintha timbale todyeka nthawi isanathe. Thumba la weji yovekera, mmene mumalowa weji yaikulu, nalo limatha kukula pakamwa mpaka weji kumapendama. Likafika apo, musagwiritsenso ntchito mpaka litakonzedwa.

Nanga maweji otulutsa zibenthu 6 ndi 8? Pa mitengo yolimba, kwa munthu wowazira pakhomo, sitikuwalimbikitsa. Phiko lililonse lowonjezera likuchulukitsa mng'alu ndi malo opanikiza, ndipo weji yotere imafuna zipika zazikulu ndithu, za masentimita 35 kupita m'tsogolo, kuti zibenthu zisachepe kwambiri, komanso zowongoka bwino kuti zidutse. Zipika zokwaniritsa zonse ziwirizi sizichuluka pa mulu wamba. Pa makina a silinda ya mainchesi 5, pampu ya magaloni 22 ndi injini ngati Honda GX390, okhala ndi chokwezera zipika, weji ya 6 imagwira ntchito yooneka. Palinso weji ya bokosi, imene Eastonmade imadziwika nayo: mpeni wopingasa wokhala ndi timipeni toimirira pansi pake umasenga gawo la pansi la chipika chachikulu n'kuligawa m'zibenthu zofanana, chotsala pamwamba chimakokedwa kubwerera kuti chigwere pa njanji ulendo wina. Nkhuni zake zimatuluka zofanana bwino, zoyenera kumanga m'mitolo yogulitsa m'masitolo kapena ku malo ootchera pizza. Koma zinyenyeswa zake ndi zambiri.

Zinyenyeswa ndi nkhani imene otsatsa sakamba. Weji iliyonse ya mapiko imadula motsata chitsulo, osati motsata mitsempha ya mtengo, choncho imasiya makungwa, tizibenthu ndi zomatuka zambiri kuposa weji imodzi. Pansi pa makina pamadzaza msanga. Tebulo la mipata, lopangidwa ndi mapaipi kapena ndodo zotalikirana masentimita 3 kapena 4, limagwetsa zinyalalazi zisanalowe m'thumba la kasitomala. Tizibenthu tabwino tisonkhanitseni padera, ndi zokolezera moto ndipo zimagulika.

Ubwino wina umene umabwera mosayembekezera ndi kaumidwe. Popeza kung'amba panayi sikudyanso nthawi, anthu amasiya chizolowezi chosiya matheka akuluakulu pa mulu. Zibenthu za masentimita 10 mpaka 15 zimauma msanga ndiponso mofanana, zomwe n'zofunika kwambiri pa oak amene amatha zaka ziwiri asanaume bwino. Kwa ogulitsa ku England ili ndi lamulo: kuyambira pa 1 May 2021, nkhuni zogulitsidwa zosakwana ma cubic metre awiri ziyenera kukhala ndi chinyezi chosapitirira 20 peresenti, pansi pa ndondomeko ya Ready to Burn imene imayendetsedwa ndi bungwe la Woodsure. Poyeza, ng'ambani chibenthu mubaye mita ya chinyezi pankhope yatsopanoyo. Kunja kumauma msanga ndipo kumanamiza.

Pa chitetezo, weji ya mtanda ili ndi zoopsa zake zapadera. Zibenthu ziwiri za pamwamba zimakwera ndi kugwera m'mbali, ndipo beech kapena maple akathetheka chimodzi chimatha kudumpha kufika pachifuwa. Dzanja ligwire chipika m'mbali chapakati pokhapokha chisanagunde mpeni, kenako lichoke. Lisakhale kumapeto kwa chipika, pansi pa phiko, kapena mu mng'alu umene watseguka, chifukwa umatsekanso chokankhira chikabwerera. Wogwira handulo ndi wogoneka chipika akhale munthu mmodzi. Makina ogulitsidwa ku Ulaya motsata muyezo wa EN 609-1 amafuna manja onse awiri pa zogwirira, ndipo amene amamanga chimodzi ndi waya kuti afulumire akuseweretsa zala zake. Magalasi oteteza maso, majombo a chitsulo kutsogolo ndi zotseka m'makutu n'zosakambirana. Mapiko amatulukira m'mbali pa msinkhu wa ntchafu, ndipo ndi akuthwa ngakhale injini itazima. Oyilo akamadontha pa paipi, fufuzani ndi katoni, osati ndi chala: oyilo wa puresha amaboola khungu, kabala kamaoneka kakang'ono, koma kamafuna dokotala wa opaleshoni nthawi yomweyo.

Kusamala weji sikutenga nthawi. Mapiko akhale akuthwa kuposa mpeni woimirira, chifukwa ntchito yawo yambiri ndi kudula ulusi. Tupa kapena grinder ya disiki ya sandipepa imakwanira. Nolani pamwamba pokha motsata kupendekeka kumene kulipo, osakhalitsa pamalo amodzi mpaka chitsulo kusanduka chabuluu, chifukwa chikatero chafewa. Pakani girizi pang'ono m'thumba lovekera kuti weji izikwera ndi kutsika momasuka, ndipo chotsani makungwa amene amadzaza m'menemo, omwe amaikweza pang'onopang'ono mpaka zibenthu za pansi kuyamba kunenepa inu osadziwa chifukwa. Pogula, tengani miyezo itatu ya weji ya makina anu, kuchindikala, msinkhu ndi utali wake kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo, popeza maweji ovekera sagwirizana ndi makina onse ngakhale atalembedwa matani ofanana. Mufunsenso wogulitsa, ndipo ayankhe polemba, ngati kuveka weji ya kampani ina sikuthetsa chitsimikizo cha makina anu.